Coalwood: Mudzi wa Malasha Kumene Ana Anaulutsa Maroketi

Msewu wopita ku Coalwood umakhotakhota m'mapiri a kummwera kwa chigawo cha West Virginia, m'dziko la America. Mlendo akafika amapeza nyumba zochepa zitandandalika m'chigwa chopapatiza. Mgodi wa malasha umene unkadyetsa mudziwu unatsekedwa m'zaka za m'ma 1980. Boma la McDowell, momwe muli mudziwu, linali ndi anthu pafupifupi 100,000 mu 1950, koma pofika 2020 anali osakwana 20,000.

Pamene mgodi unali pachimake, nyumba, sitolo ngakhalenso tchalitchi zinali za kampani. Mwana wamwamuna ankakula akudziwa kuti tsiku lina adzatsika pansi kukakumba malasha monga bambo ake.

Mu Okutobala 1957, anthu a m'mudzimu anaima panja usiku kuonerera Sputnik, setilaiti yoyamba kuzungulira dziko lapansi, imene inaulutsidwa ndi dziko la Soviet Union. Pakati pawo panali Homer Hickam, mnyamata wa zaka 14, mwana wa kapitawo wamkulu wa mgodi. Iye ndi anzake asanu anatsimikiza mtima kupanga maroketi awoawo. Yoyamba siinauluke n'komwe: inaphulika ndi kugumula mpanda wa dimba la maluwa la mayi ake.

Bambo ake anaipidwa nazo, koma akuluakulu ena sanawathamangitse anawo. Anawalola kugwiritsa ntchito bwalo lotayirako zinyalala za malasha, kutali ndi nyumba za anthu, ndipo anyamatawo analitcha Cape Coalwood. Kumeneko anamanga kanyumba kobisalamo poyatsa moto. Amisiri a kumgodi anawasulira chibowo cha kunsi kwa roketi, chimene chimapanikiza mpweya wotentha kuti utuluke mwamphamvu ndi kukankhira roketi m'mwamba. Mphunzitsi wawo wa sayansi, Freida Riley, anawapezera buku lofotokoza kapangidwe ka maroketi. Kuti alimve, anyamatawo anakakamizika kuphunzira masamu ovuta, omwenso anawathandiza kuyeza kutalika kumene roketi yafika.

Mu 1960 ntchito yawo inapambana mendulo yagolide pa chionetsero cha sayansi cha dziko lonse mumzinda wa Indianapolis. Roketi yawo yomaliza anaiyatsa ndi bambo ake a Homer, amene poyamba ankaiona ntchitoyi ngati kutaya nthawi. Mu 1981 Homer anayamba ntchito ya uinjiniya ku bungwe la NASA, ndipo mu 1998 analemba mbiriyi m'buku lotchedwa Rocket Boys.

Zimene anachita anawo zinali zoopsa ndithu, popeza ankasakaniza okha mankhwala oyaka. Masiku ano ana amapanga maroketi a makatoni okhala ndi injini zopangidwa kufakitale, kapena a botolo lapulasitiki lothiramo madzi ndi kupopera mpweya ndi pampu ya njinga, munthu wamkulu ali pambali.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Ku Coalwood kunalibe nyumba yoyeseramo za sayansi yoti n'kutchula. Kunali mphunzitsi amene anapereka buku, amisiri amene anapereka luso lawo ataweruka, ndi makolo amene anapereka bwalo. Malasha anasiya kukumbidwa m'chigwamo, koma anyamata onse asanu ndi mmodzi aja anapitiriza maphunziro awo mpaka kukoleji.