Ndani Kapena Yani?

Pali mau awiri ang'onoang'ono a Cingelezi amene anandicititsa manyazi m'caka canga coyamba pa nchito ya ukalaliki. Ndifuna kukufotokozerani za mauwo, inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu, kuti mungagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine. Mauwo ndiwo "who" ndi "whom".

Pamene ndinali pa sukulu ya misyoni ndinazindikira kuti aphunzitsi athu anali kunena "whom" polankhula mwaulemu. Motero ndinayesa kuti "whom" ndiye "who" wobvala jekete, woyenera kuonekera m'kalata iri yonse ya Boma. Sindinadziwe kuti mau awiriwa ali ndi nchito zosiyana.

Tsiku lina panafika pa ofesi pathu amai ena amasiye ocokera ku mudzi wakutali. Amuna ao anamwalira ali pa nchito ku migodi, ndipo amaiwo anamva kuti ndalama zotsala za malemuwo zinaperekedwa kwa mlamu wao. Anafuna kudziwa amene anaperekayo kuti akamfunse. Mkulu wa makalaliki anandiuza kuti ndilembe kalata ku ofesi ina, ndipo ine ndinalemba monyada kuti, "Whom paid the brother?" Kalaliki wa kumeneko, poona "whom", anaganiza kuti ndiri kufunsa za munthu amene analandira ndalama kwa mlamuyo, nayankha kuti mlamuyo sanalipire munthu ali yense. Masabata atatu anapita cabe. Amai aja anabwera kawiri, ulendo wa pansi, nati, "Mwana wanga, kodi yankho silinabwerebe?" Ine ndinangoweramitsa mutu.

Mkulu uja ataona zimene ndinalemba sanandikalipire. Anandifunsa kuti, "Mnyamata iwe, kodi m'Cinyanja unganene kuti, Yani analipira mlamu?"

"Iai, bambo," ndinayankha. "Timati, Ndani analipira mlamu?"

"Nanga ukafuna kudziwa wolandira?"

"Timati, Mlamu analipira yani?"

"Tsono lamulo ulidziwa kale," anatero. "Unaliyamwira kwa amako."

Ici ndico cinsinsi cace. "Who" ndiye ndani, ndipo afunsa za wocita. "Whom" ndiye yani, ndipo afunsa za wocitidwa. Monga ife tinena kwa yani, ndi yani, za yani, Angelezi nawonso alemba "to whom", "with whom", "about whom". Mukakayika, yankhani funso lanu nokha mumtima. Ngati yankho liri "he", lembani "who". Ngati liri "him", lembani "whom", pakuti "him" ndi "whom" onse atsiriza ndi "m". "Who saw you?" ayankhidwa "He saw me." "Whom did you see?" ayankhidwa "I saw him."

Cenjerani ndi mafunso amene ali ndi mau ena olowerera pakati, monga "Who do you think paid him?" Ambiri alemba "whom" pamenepa, koma cotsani "do you think" ndipo mudzaona kuti funso liri pa wolipirayo, ndiye wocita. Msampha umenewu unakola ngakhale akatswiri. Baibulo la Cingelezi la King James, la m'caka ca 1611, liri ndi "whom" pa Mateyu 16:13, ndipo amene anakonza Cipangano Catsopano m'caka ca 1881 anaikapo "who".

Dziwaninso kuti eni cinenero ambiri, poceza, anena "Who did you see?" ndipo palibe wowadzudzula. M'caka ca 1921 Edward Sapir, katswiri wa zinenero wa ku America, analemba m'buku lace lochedwa Language kuti "whom" wa m'mafunso otere ali kuzimirira pang'onopang'ono. Ife sitiyenera kudabwa, pakuti kwathu kuno ambiri anena "Mwaona ndani?" m'malo mwa "Mwaona yani?" Cifukwa cace langizo langa ndi ili: m'kalata ya nchito ikani "whom" pamene pali wocitidwa, makamaka pambuyo pa "to", "with", "for" ndi "from", koma ngati simuli otsimikiza, lembani "who". Woika "who" pamalo pa "whom" amvekabe bwino. Woika "whom" pamalo pa "who" angatembenuze nkhani yonse, wopereka nasanduka wolandira.

Ndinalemba kalata yaciwiri, nditi, "Who paid the brother?" Yankho linabwera ndi dzina la woperekayo, ndipo amai aja anapita nalo kukayamba mlandu wao. Pocoka anandithokoza ndi manja awiri, osadziwa kuti amene anawacedwetsa ndine. Akulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinaphunzira kuti wofunsa mokhota adyetsa phula anzace osalakwa. Kufikira lero, ndisanalembe funso liri lonse m'Cingelezi, ndiyamba ndalinena m'Cinyanja, kuti ndimve ngati ndifuna ndani kapena yani.