Wosamala Nsanja za Foni ku Maravia

Anthu akamva kuti ndine injiniya wa zamafoni, ambiri amandibweretsera foni yogwera m'madzi kuti ndiitsitsimutse. Ndimawatumiza kwa anyamata a pamsika, amene ntchitoyo amaidziwa kuposa ine. Yanga ndi kusamala nsanja, zija zazitali zimene mumaziona pa zitunda, pamodzi ndi makina okhala m'bokosi la m'munsi mwake, ndiponso njira imene mawu anu amadzera kuchoka pa nsanjapo kukafika ku Tete, ku Beira kapena ku Maputo. Dera langa ndi boma la Maravia: pa Fíngoè penipeni, ku Malowera chakumalire ndi Zambia, ku Chiputo, ku Chipera, mpaka kutsikira kugombe la nyanja ya Cahora Bassa.

Ndinakulira kuno nthawi imene uthenga wa maliro unkayenda pa njinga. Munthu akamwalira ku Tete, abale ake kumudzi ankamva atayikidwa kale. Mafoni a m'manja anayamba m'dziko muno la Mozambique mu 1997 ndi kampani ya mcel, Vodacom n'kubwera kumapeto kwa 2003, koma kwa zaka zambiri zimenezi zinali za anthu a m'mizinda ndi a m'mphepete mwa misewu ya phula. Ife akumidzi tinaona kusintha kuyambira mu 2012, pamene Movitel, imene mwini wake wamkulu ndi Viettel ya ku Vietnam, inayamba ntchito itadzala mapolo ndi kukoka zingwe za faiba kuloza m'maboma akutali. Lero mwana aliyense amadziwa kuti nambala yoyamba ndi 84 ndi ya Vodacom, 86 ya Movitel, 82 ya Tmcel, imene inabadwa mcel itaphatikizidwa ndi TDM, kampani ya boma ya zamafoni. Koma n'ochepa amene amafunsa kuti kodi mawuwo amadutsa kuti.

Foni yanu imalankhula ndi nsanja pa mafunde a wailesi. Kumidzi kuno timadalira kwambiri mafunde a 900 MHz, amene funde limodzi limatalika pafupifupi masentimita 33, chifukwa amafika patali ndipo amalowa m'nyumba ndi m'mitengo bwino kuposa mafunde afupiafupi amene amathandiza m'mizinda yodzaza anthu. M'buku tinaphunzira kuti nsanja ya GSM imatha kumvana ndi foni mpaka makilomita 35. Malirewo ali ndi chifukwa chake: mafoni asanu ndi atatu amagawana njira imodzi mosinthanasinthana, ndipo foni yakutali imauzidwa kuyamba kulankhula msangako kuti mawu ake afike pa nthawi yake, kupitirira pamenepo kuwerengetserako kumatha. Koma Maravia ndi dziko la mapiri ndi zigwa. Mudzi ungakhale pafupi ndithu ndi nsanja, phiri n'kuutchinga, anthu ake n'kumakwera pachulu kukafuna netiweki, pamene mudzi wina wakutali koma wa pamtetete ukumva bwino. N'chifukwa chake malo omanga nsanja sitisankha poona pamene pali sitolo zambiri. Timayala mapu oonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka, kenako timapita ndi miyendo kukatsimikiza.

Gawo limene ndimalikonda kwambiri ndi lolumikiza nsanja ndi nsanja inzake. Kumene faiba sinafike, timamangirira mbale zozungulira pamwamba, ina kuno ina uko, ndipo ziwirizo ziyenera kuonana maso ndi maso. Kuonanako sikukwanira. Mafunde sayenda m'kamzere kopyapyala ayi, amafufuma pakati pa ulendo. Pa mtunda wa makilomita 30, ndi mafunde a 7 GHz, pakatikati pamafunika danga la mamita pafupifupi 18 kuzungulira mzerewo, ndipo gawo loposa theka la dangalo lisakhudze kanthu. Onjezanipo kuti dziko ndi lozungulira, choncho pakatipo nthaka imatukuka ndi mamita ngati 13 ngakhale pakhale pachidikha. Wina akayeza mu Seputembala mitengo itayoyola masamba, osawerengera zimenezi, kulumikizana kudzakhala kwabwino mpaka mvula itagwa, misuku ndi mitondo itaphukira, kenako kudzayamba kudukaduka popanda wokhudza chilichonse. Apa ndi pamene masamu amasiyanitsa injiniya ndi munthu wongomanga mabawuti.

Tsiku lolunjikitsa mbale timakhala awiri, aliyense pa nsanja yake, titadzimangirira ndi malamba. Mnzanga amasiya yake chilili, ine n'kumapotoza bawuti pang'onopang'ono, maso ali pa mita. Nambala imakwera, imaima, imatsika, ndimabwerera. Pali kamsampha: mbale ili ndi timafunde tam'mbali timene timaonetsa ngati wafika pachimake pamene sunafike. Wosaleza mtima amamanga pomwepo n'kutsika. Uyenera kudutsa mbali zonse, kumanja ndi kumanzere, m'mwamba ndi m'munsi, mpaka nambala ifanane ndi imene unawerengetsa papepala usanakwere. Ukasiyana nayo ndi ma dB atatu okha, ndiye kuti theka la mphamvu likutayikira m'tchire. Nambala ziwirizo zikakumana, ya papepala ndi ya pa mita, mtima wanga umadzaza, ndipo chisangalalo chimenecho sichinathe ngakhale ntchitoyi ndayizolowera.

Komabe ndinene zoona: nsanja zambiri zikazima, vuto silikhala la mafunde. Limakhala la magetsi. Makina athu amadya magetsi a mavolti 48 ochokera m'mabatire, ndipo mabatirewo amadzazidwa ndi magetsi a pa mapolo kumene alipo, kapena ndi sola, kapena ndi jenereta. Mabatire a mtovu amakonda kutentha kwa madigiri 25. Kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umafupika ndi theka. Pa Fíngoè pali pamtunda, kamphepo kamapezeka, koma tsikirani kuchigwa cha Zambezi mu Okutobala, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, mudzaona mabatire akutupa. Fumbi likakuta magalasi a sola, usiku nsanja imagona msanga. Dizilo ayenera kuchokera kutali, kudzera msewu wochoka ku Tete kuloza ku Cassacatiza, n'kupatukira pa Bene kulowa msewu wa ku Fíngoè ndi Zumbo, umene m'nyengo ya dzinja umayesa galimoto ndi woyendetsa yemwe. Zimandipweteka ndikaganiza kuti tsidya la nyanja, pa Songo, damu la Cahora Bassa limapanga mamegawati 2,075, ndipo ambiri mwa iwo amayenda makilomita oposa 1,400 kupita ku South Africa, pamene midzi ina ya m'mbali mwa madzi omwewo imatchajitsa mafoni pa batire la galimoto. Mnyamata wofuna ntchito ino aphunzire zamagetsi mwakhama ngati mmene aphunzirira za mafunde.

Mphezi nayo ndi mdani wa chaka ndi chaka. Nsanja ndi chitsulo chachitali choima pa chitunda, choncho kumenyedwa imenyedwa basi. Chimene timachita ndi kuikonzera mphezi njira yolowera pansi: ndodo ndi zingwe za kopa zokwiriridwa mozungulira, zolumikizidwa ku mwendo uliwonse wa nsanja ndi ku bokosi la makina. Nthaka yathu ya miyala siilandira magetsi mosavuta, ndiye timayeza m'chilimwe, nthaka itauma gwa, chifukwa muyeso wa m'dzinja umanamiza. Wakuba akadula kopa uja kukagulitsa, palibe chimene chimaoneka. Mafoni amalira mwa masiku onse mpaka mvula yoyamba ya mabingu, pamene makina a ndalama zambiri amapsa kamodzi n'kamodzi.

Ndiye pali moto wa m'tchire. Kuyambira mu Ogasiti anthu amatentha tchire posaka mbewa kapena pokonza minda, moto n'kunyambita mapolo ndi kusungunula chingwe. M'kati mwa chingwe chakudacho muli timaulusi tagalasi, kalikonse kochindikala mamaikiromita 125, pafupifupi ngati tsitsi la m'mutu, ndipo kuwala kodutsa m'menemo ndiko kumanyamula mawu a boma lonse. Chikaduka timalumikiza makina otchedwa OTDR, amene amaponya kuwala n'kuwerenga nthawi imene kwatenga kuti kubwerere, n'kutiuza kuti chaduka pa mtunda wakutiwakuti. Tikafika timasenda kaulusi, kukapukuta ndi spiriti, kukadula mowongoka, n'kukawotcherera ndi kanzake. Kafumbi kamodzi kamawononga mfundo yonse, choncho ntchitoyi timaigwirira m'galimoto titatseka mawindo, thukuta lili kamukamu.

Mankhwala a moto sali m'bokosi la zida. Ali pabwalo la mfumu. Ndisanayambe ntchito m'mudzi uliwonse ndimayamba ndakaonekera kwa eni nthaka, kukhala pansi, kuwomba m'manja ndi kufotokoza chimene chingwecho chimanyamula. Mfumu ina yachikulire itamvetsera inandifunsa kuti, “Mwana wanga, ndiye ndalama zimene amanditumizira mdzukulu wanga zimadzera mu nthambo imeneyi?” Nditavomera kuti, “Inde, Gogo, momwemo,” inaitana anyamata tsiku lomwelo kuti alambule udzu kuzungulira mapolo onse a m'dera lake. Injiniya wochokera kutali, wosadziwa Chichewa kapena Chinsenga, zimenezi zimamuvuta, ngakhale akhale ndi mapepala otani.

Kumalire kuli nkhani yake. Mafunde sadziwa chipilala cha malire, ndiye munthu wa ku Malowera amatha kudzuka foni yake itagwira Airtel kapena MTN ya ku Zambia. Ena amakondwa, poti abale awo ali ku Petauke ndi ku Nyimba ndipo amasunga makhadi a mbali zonse ziwiri, koma ena ndalama zimawathera osadziwa. Ife timaweramitsa ma antena pang'ono ndi kuchepetsa mphamvu kuti tisasokoneze anzathu a tsidya lija, motsata malamulo a INCM, bungwe loyang'anira zamtokoma ndi zamafoni m'dziko muno.

Achinyamata amandifunsa njira yolowera. Imayambira m'kalasi: masamu ndi fizikisi mpaka kalasi 12, makamaka ma logarithm ndi trigonometry, chifukwa ntchito yathu yonse imawerengedwa ndi zimenezo. Kuchoka apo, ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane, kumene amaphunzitsa uinjiniya wa zamaelekitironiki, ndi ISUTC, sukulu ya zamtengatenga ndi zamafoni. Pafupi ndi kwathu, Instituto Superior Politécnico de Songo imaphunzitsa uinjiniya wa zamagetsi, umene monga ndanenera ndi theka la ntchito ino. Amene ndalama zavuta angayambire kusukulu ya zaumisiri, n'kulowa m'gulu lomanga nsanja kapena lokoka faiba, n'kumaphunzira akugwira ntchito. Ambiri amene ndimawalemekeza anadzera njira imeneyi. Sukulu ndi ya Chipwitikizi, koma mabuku a makina ndi mauthenga a pa kompyuta ali m'Chingerezi, ndipo pamenepa ana a kumalire, amene makolo awo ena anakhalako ku Ukwimi, msasa wa othawa kwawo ku Zambia, nkhondo ya m'dziko muno isanathe mu 1992, ali ndi mwayi umene sauzindikira. Atsikana asauzidwe kuti si ntchito yawo. Kuwotcherera faiba ndi kukonza dongosolo la netiweki kumafuna dzanja lodekha ndi mutu wozizira, ndipo lamba wokwerera nsanja sasankha munthu.

Za lambayo sindinyengerera. Palibe kukwera wopanda lamba ndi chipewa, palibe kukwera kumwamba kukuchita mdima wa mvula, palibe kuima kutsogolo kwa antena yoyaka. Uyang'ane kaye ngati njuchi kapena mavu sanamange pamwamba, chifukwa zikakuukira uli pa mamita 50 ulibe kothawira. Ntchitoyi ilinso ndi mtengo wake pabanja. Foni imalira pakati pa usiku, pa Khirisimasi, pa maliro, ndipo umanyamuka.

Umanyamuka chifukwa ukudziwa amene akudikira. Chiyambire M-Pesa m'dziko muno mu 2013, kuwonjezerapo zinzake monga mKesh ndi e-Mola, foni yasanduka banki ya anthu amene banki yeniyeni ili nawo kutali. Mlimi wa fodya amafunsirapo za msika, msodzi wa kapenta amagwirizanirapo mtengo ndi wogula wa ku Tete, mphunzitsi amatumizirapo chakudya kwa makolo, namwino wa kuchipatala chaching'ono amayitanirapo ambulansi mayi akavutika pobereka. Nsanja ikazima masiku atatu podikira munthu wochokera ku Tete, zonsezi zimaima. Ikakhala ndi woisamala amene amagona pa Fíngoè pomwe, wodziwa kuti mtsinje uti sawoloka mvula ikagwa kumtunda, imayaka tsiku lomwelo.

Zida zikusintha. Zaka za 2G tinkaganiza za mawu okha. Lero 4G imanyamula chilichonse ngati data, ndipo amene sadziwa ma adiresi a IP ndi ma router amatsalira. Starlink inalowa mu Mozambique mu 2023, ndipo ena akuti nsanja zatha ntchito. Ine ndikuona kuti setilaiti ingatithandize kulumikiza nsanja za kumene faiba ndi mbale sizingafike, koma foni ya mayi wa kumudzi idzafunabe nsanja, nsanjayo idzafunabe mabatire, ndipo mabatirewo adzafunabe wowayeza. Mwezi uno, mvula isanayambe, tikuzungulira malo onse kuyeza kopa wa pansi, kutsuka sola, kusintha mabatire otupa ndi kudzaza matanki a dizilo kumene msewu udzatsekeke. Ana awiri a sekondale, mtsikana ndi mnyamata, apempha kuti azitsagana nafe Loweruka. Makolo awo avomera, ndipo ndawauza kuti abwere ndi kope la masamu ndi nsapato zotseka.