Chapa Imawerenga Anthu, Ndege Imawerenga Maola

Kuchokera pa Ulongwe kukafika mu mzinda wa Tete pali makilomita pafupifupi 230. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo pamsewu pali makilomita oposa 1,500. Koma ndege yosaima pena imatha mtunda wautaliwo m'maola ngati 2 okha, pamene mtunda waufupiwo umatha kumudyera munthu theka la tsiku. Choncho kwa munthu wa ku Angonia kapena ku Tsangano amene ali ndi tikiti ya ndege m'thumba, ulendo wofunika kuulingalira bwino ndi wa pansi, wochokera pakhomo pake kukafika pa bwalo la ndege la Chingodzi.

Mkulu wina wa m'tsinde mwa phiri la Domwe, mlimi wa mbatata ya kachewere, adaziona zimenezi ndi maso ake. Mwana wa mlongo wake, amene adapita ku Maputo kukaphunzira unamwino nakhazikika komweko, adapeza banja, ndipo malume ndiwo adayenera kukaima ngati nkhoswe. Mtsikanayo adasunga ndalama za miyezi ingapo, nagula tikiti, natumiza uthenga pa foni kuti ndege idzanyamuka Lachisanu nthawi ya 13:30, ndipo ukwati udzakhala Loweruka m'mawa.

Mkuluyo sadali munthu waulesi, ndipo masamu adawerenga. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imatha makilomita 230 m'maola osakwana 4. Akadzuka tambala woyamba, nthawi idzakhalapo yambiri, mwinanso yotsala.

Mlongo wake adayesa kumuchonderera. "Achimwene, bwanji osanyamuka Lachinayi, mukagone kwa mwana wa azakhali ku Matundo?"

"Alongo, ndikagonerenji m'nyumba za eni, m'ng'anjo ya ku Tete, ng'ombe zanga ndazisiya zokha? Ndege ndi ya masana. Ndikafika dzuwa lisanaime pamutu."

Udali mwezi wa Januwale. Usiku wa Lachinayi mvula idagwa mpaka mbandakucha, ndipo kamtsinje ka kuseri kwa mudzi, kamene masiku onse ana amaoloka akuthamanga, kadasefukira. Mnyamata wa njinga yamoto adaima pagombe nakana kulowa m'madzi. Adalinda mpaka kutayera, madzi atatsika kufika m'maondo, ndipo pamene amafika pa Ulongwe, atathimbirira matope, nthawi idali itakwana 7 koloko. Chapa yoyamba idali itapita kale. Yachiwiri idali ndi anthu 5 okha.

Chapa siidziwa wotchi. Mwini wake amadya pa mutu wa munthu aliyense wokwera, kotero siinyamuka mpando uli wopanda munthu. Dalaivala amaliza injini, amayendetsa pang'ono ngati akupita, kenaka n'kubwerera pomwe adali. Mkuluyo atafunsa kachitatu, dalaivala adaseka nati, "Madala, musadandaule, tinyamuka pompano." Pompanoyo idakwana hafu pasiti 8.

Msewu wochoka pa Ulongwe ndi wokoma kuuona kwa munthu amene alibe changu. Umayenda pamwamba pa dziko lozizira, lokwera mamita oposa 1,000, pakati pa minda ya chimanga ndi mbatata, ndipo m'madera ena umayandikana ndi malire a Malawi kotero kuti munthu amaona mapiri a ku Ntcheu ali apo. M'mphepete muli amayi ogulitsa kabichi, tomato ndi mapichesi pa nyengo yake. Koma pa msika uliwonse chapa imaima. Wina atsike, wina akwere, thumba limasulidwe padenga, lina limangidwe, wina akasinthe ndalama ya chenje. Kuima kumodzi ndi mphindi 5 kapena 10 zokha, koma kukachitika kakhumi ola lathunthu lapita.

Kenaka msewu umayamba kutsika. Mphepo yozizira imatha, jekete limayamba kulemera, ndipo pa Mussacama msewu wa ku Angonia umakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Zobwe, pa malire a Mwanza. Akuluakulu amaukumbukira msewu umenewu m'zaka za nkhondo, pamene magalimoto ankayenda pamndandanda moperekezedwa ndi asilikali, ndipo munthu sankadziwa ngati akafika. Chisainireni mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992 mantha amenewo adatha, koma msewuwo udadzaza ndi magalimoto akuluakulu onyamula mafuta, feteleza ndi katundu wina pakati pa Malawi ndi doko la Beira kapena Zimbabwe. Chapa ikagwera kumbuyo kwa atatu otere pa chitunda, imayenda liwiro lawo.

Mkulu uja adadutsa pa Mussacama nthawi itapitirira 11 koloko. Mitengo ya malambe itayamba kuoneka, ndi mbuzi, ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu, tayala lakumbuyo lidaphulika. Lapadera lidalipo, koma jeke adachita kubwereka kwa galimoto ina yodutsa. Patsogolo apolisi a pamsewu adaimitsa chapa kuti aone mapepala, monga mwa ntchito yawo. Pa Moatize, pamene migodi ikuluikulu ya malasha idayamba kutulutsa malasha mu 2011 ndi kuchulukitsa anthu ndi magalimoto, adayenda ngati akuperekeza maliro. Ataoloka mlatho wa Revubwe wotchi idali itapitirira 1 koloko.

Anthu ochokera kumtunda ali ndi mwayi umodzi umene ambiri saudziwa. Bwalo la Chingodzi lili tsidya lino la Zambezi, mbali ya Matundo ndi Moatize, kotero wopita ku ndege sayenera kuoloka mlatho wa Samora Machel kulowa mu mzinda. Wokhala chete m'chapa amapitirira nayo mpaka tsidya lija, n'kuyambanso kufuna galimoto yobwerera. Mkuluyo adali atauzidwa zimenezi, ndipo adatsika pa mphambano yake, nakwera njinga yamoto, chikwama pamiyendo.

Adalowa m'nyumba ya pa bwalo nthawi ili 13:15. Ndege idali pomwepo, akuiona pa galasi, chitseko chake chili chotsegula, anthu omalizira akukwera masitepe. Mtima udakhala pansi. Adatulutsa chiphaso ndi foni nayandikira pa tebulo.

"Pepani bambo, tatseka," adatero mayi wa pa tebulopo.

"Mayi, ndegeyo si iyo? Sinapite. Ndachokera ku Domwe, mwana wa mlongo wanga akukwatiwa mawa."

"Ndamva bambo, ndipo pepani kwambiri. Koma maina apita kale kwa woyendetsa, katundu wayezedwa ndipo watsekeredwa. Sindingathe kutsegulanso."

Adaima pa galasi paja mpaka ndege idathamanga, nidzuka, nisowa m'mitambo. Malo pa ndege yotsatira adali odzaza, ndipo kusintha tikiti kudafuna ndalama zina zimene iye adalibe. Adagona kwa mwana wa azakhali yemwe uja ku Matundo, m'mawa mwake nakwera basi. Pamene amafika ku Maputo ukwati udali utachitika, ndipo pa malo a malume padaima mkulu wa mpingo amene sadziwa ngakhale dzina la agogo a mtsikanayo.

Chimene chidamupweteka mkuluyo ndi chimene chimasokoneza anthu ambiri okwera ndege koyamba. Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi yakuti ndege ichoke, anthu onse ali kale m'mipando. Isanakwane nthawi imeneyo pali ntchito yambiri. Dzina la pa tikiti amaliyerekeza ndi la pa chiphaso cha B.I. kapena pasipoti, ndipo ziyenera kufanana. Katundu amamuika pa sikelo, chifukwa woyendetsa ayenera kudziwa kulemera kwa ndege yonse asanadzuke, ndipo wopitirira muyeso wa tikiti yake amalipira ndalama zapadera. Kenaka munthu ndi kachikwama kake ka m'manja amadutsa pa makina oyendera, pamene mpeni, lumo kapena sizasi zimatsala. Zonsezi zili ndi mzere wake, ndipo tebulo lolembetsera limatsekedwa ndege ikadali pansi. N'chifukwa chake wokwera ndege ya m'dziko momwemo amachita bwino kufika patatsala maola 2, ndipo wotuluka kunja patatsala maola 3.

Patapita miyezi, mtsikana uja atabereka mwana woyamba, adatumizanso tikiti, ulendo uno ya mayi ake. Mayiwo sadawerenge masamu a makilomita. Adawerenga chobwerera m'mbuyo. Ndege ikachoka 13:30, iwo ayenera kukhala pa bwalo 11:30. Kuti atsimikize zimenezo ayenera kudzuka ali kale tsidya la Chingodzi. Kuti adzuke kumeneko ayenera kuchoka pa Ulongwe dzulo lake, ndi chapa ya m'mawa, kuti ngati tayala liphulika kapena injini itentha pakhalebe dzuwa lofunira galimoto ina.

Adachitadi chomwecho. Adauza achibale a ku Matundo pasadakhale, nawatengera kathumba ka mbatata ndi nyemba. Ufa ndi nyemba za ku Maputo adaziyeza pa sikelo ya wogula mbewu pa Ulongwe, nachotsako zina zitapitirira. Chiphaso adachimanga pa nsonga ya chitenje. Mdzukulu wawo adalemba nambala ya tikiti ndi ola lake pa pepala, poopa kuti foni ingathe moto panjira. Chapa yawo nayo idachedwa, idafika dzuwa litapendeka, koma mayiwo adangotsika, nasamba, nadya nsima, nagona pabwalo pa mphasa chifukwa cha kutentha. M'mawa adafika pa bwalo la ndege tebulo lisanatsegulidwe, nakhala pa mpando woyamba.

Alipo amene anganene kuti kugona panjira ndi kuononga ndalama ndi tsiku la kumunda. Zoona, tsiku limapita, ndipo amene alibe mbale ku Matundo, ku Chingodzi kapena ku Moatize ayenera kulipira chipinda. Koma mtengo wa chipinda cha usiku umodzi ndi waung'ono pouyerekeza ndi wa tikiti, ndipo matikiti otsika mtengo kawirikawiri ndiwo amene sabweza ndalama munthu akaphonya. Kutentha kwa ku Tete nako n'koona: mzindawu uli m'chigwa, pa mamita osakwana 200, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Munthu wa kumtunda atenge madzi akumwa ndi chovala chopepuka, apirire usiku umodzi.

Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, imafuna kuonjezera nthawi ina, chifukwa chovuta chimakhala pakati pa mudzi ndi phula. Amene mudzi wake uli kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho achite bwino kuoloka madzulo kukali kouma, akagone pafupi ndi pokwerera. Ndipo amene asankha kukakwera ndege ku Lilongwe, podzera pa Calómuè ndi Dedza, akumbukire kuti pa chipata cha malire pali mzere wake wodindira pasipoti mbali zonse ziwiri, ndi kuti bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kupitirira mzinda wa Lilongwe chakumpoto, kotero kufika mu mzinda si kufika pa ndege.

Akale adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mkulu wa ku Domwe uja sakonda kuumva mwambi umenewu, chifukwa iye adadzuka tambala asanalire. Amati chimene adalakwa ndi kupatsa msewu maola okwanira ndendende, osasiyako la mtsinje, la chapa ndi la tayala. Masiku ano wina m'mudzimo akalandira tikiti, amapita kukamufunsa nzeru. Iye amafunsa tsiku la ndege, n'kuwerenga pa zala kubwerera tsiku limodzi, kenaka n'kupereka nambala ya foni ya mwana wa azakhali ku Matundo.