Lalanje la azakhali litasanduka ndimu

Foni ya azakhali inalira usiku. "Iwe, ubwere udzaone wekha. Andilodzera mtengo." Wolodzayo sanamutchule, koma ndinadziwa kuti akunena alamu awo, omwe akhala akukangana nawo za malire a dimba chimwalirireni amuna awo.

Loweruka lina mu Julaye ndinakwera minibasi ku Lilongwe, kutsata msewu wa M12. Tinadutsa Chitedze, Namitete, kenako Kamwendo, matumba a mtedza ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Pa boma la Mchinji, lomwe kale linkatchedwa Fort Manning, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kulowera cha ku Kachebere, m'tsinde mwa mapiri a m'malire. Kumeneko foni imalowa yokha netiweki ya ku Zambia osakufunsa.

Mtengowo ndinaupeza kuseri kwa khola. Azakhali anaugula uli mbande yomezanitsa, unabereka malalanje zaka ziwiri, koma tsopano nthambi zake zinali minga yokhayokha, zitalemedwa ndi mandimu a khungu lokhakhala. Kunena zoona, nanenso ndinaima kakasi.

Anatimasula ndi bambo wina wa m'mudzimo yemwe anapuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Anagwada, napalasa zinyalala pa tsinde, natiwonetsa kachotupa pamwamba pang'ono pa dothi.

"Mayi, mitengo pano ndi iwiri. Kuchokera apa kupita pansi ndi ndimu, kupita m'mwamba ndi lalanje."

Anati omezanitsa amayamba afesa ndimu yokhakhala, ikakula ngati pensulo amang'amba khungu n'kulowetsamo diso la lalanje lokhwima. Lalanje lofesa ku njere limatha zaka 7 kapena kuposa lisanachite maluwa, pomwe lomezanitsa limabereka m'zaka 3 kapena 4, popeza disolo lachokera ku mtengo umene unakula kale. Mizu ya ndimu imapirira chilala ndi dothi la mchenga, ndipo imabereketsa kwambiri. Kuipa kwake, malalanje ake amakhala a khungu lokhuthala, kutsekemera kwake kocheperako.

Nanga ndimu inalanda bwanji mtengo? Apa m'pamene anatchula mahomoni, timadzi timene mtengo umapanga wokha. Nsonga yomwe ikukula imatumiza pansi homoni yotchedwa auxin, yomwe imagoneka maso a m'munsi kuti asaphuke. Nsongayo ikathyoka kapena kudyedwa, masowo amadzuka. Ndipo mphukira za ndimu zili ndi liwiro, lalanje silingazipeze.

"Kodi mtengowu sunapwetekepo?"

Azakhali anayang'ana kumbali. "Mbuzi zinaukwapula chaka china chake."

"Za yani, azakhali?" ndinafunsa dala.

"Usandifunse zachibwana." Khola lake linali pomwepo.

Atamasuka, anatitengera ku lalanje lina la pafupi ndi bafa, lobiriwira bwino koma lowuma manja. Mlangizi uja anaseka. Anati lalanje limafuna kuvutikako kaye. Kuzizira ndi kuuma kwa Juni ndi Julaye kumaimitsa kukula, homoni ina yotchedwa gibberellin imachepa m'nthambi, ndipo m'pamene maso amakonzekera kukhala maluwa. Madzi akabwera pambuyo pake, mtengo umayera mbee. Koma womwa madzi a ku bafa tsiku ndi tsiku umangochulutsa masamba.

Chinandidabwitsa n'chakuti gibberellin yemweyo, maluwa akachitika, ndiye amathandiza tizipatso kuti tisayoyoke. Njere zimamupanga wambiri. N'chifukwa chake mtengo ukabereka mothyoka nthambi, makamaka zipatso zikachedwa kuthyoledwa, chaka chotsatira umachita maluwa ochepa. Anthu a manachesi ku Mwanza amachidziwa chaka chopuma chimenechi.

Madzulo tinabwerera kuseri kwa khola ndi sowo. Pakati pa minga tinapeza nthambi imodzi ya lalanje ikadali moyo, yowonda ngati chala. Tinadula mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa kachotupa kaja, ndipo mlangizi anawauza kuti iliyonse yophukanso azibudula ikadali yanthete. Mtengowo tinautchingira ndi nsungwi.

Mandimu anadzaza dengu ndi ndowa. M'mawa ndikutsanzika, ndinaona azakhali akutuma mdzukulu kuti akasiye ndowa ija kwa alamu awo.

"Ndiye nkhani yatha, azakhali?"

"Ya mtengo yatha. Ya malire ikadalipo."