Kalata Yoitanira ku Msonkhano Imabisala Kuti?

Masiku ano wofunsira ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre kawirikawiri amaitanidwa kudzera pa imelo, ndipo kuphonya ola limodzi kungamutayitse mwayi umene wakhala akuudikira chaka chathunthu. Kuno ku Biriwiri ndafunsidwa kangapo funso limodzimodzi: "Ndinadina kuti ndavomera, kalata ija n'kuzimiririka. Yapita kuti?"

Kalatayo sinatayike ayi. Imelo yoitanira ku msonkhano imanyamula kafayilo kotchedwa iCalendar, kamene dzina lake limathera ndi .ics. Malamulo a kalembedwe kake anakhazikitsidwa mu 1998 ndipo anakonzedwanso mu 2009. M'kafayilomo mumakhala tsiku, nthawi, malo ndi dzina la woitana. Mukangovomera, pulogalamu imatola zimenezi n'kuzilemba mu kalendala yanu. Choncho malo oyamba kuyang'ana ndi kalendala, pa tsiku lenileni la msonkhanowo.

Outlook ikamaliza ntchito imeneyi imachotsa kalatayo mu Inbox n'kuiika mu Deleted Items, pokhapokha mutaiuza kuti isamatero. Ku Gmail kalata imatsala pamene inafikira, ndipo msonkhano umalembedwa mu Google Calendar. Komabe pali posankha pamene pangachititse kuti kuitana kwa munthu amene simunalemberanepo naye kusaonekere mu kalendala kufikira mutayankha. Musaiwalenso kusuzumira mu Spam, chifukwa kalata za alendo nthawi zina zimagwera kumeneko.

Chimene ine ndimachiona chachikulu ndi ichi: kodi kalendalayo imagona kuti? Ngati Outlook yanu imalandira makalata mwa njira ya POP, zonse zimasungidwa m'fayilo ya .pst pa kompyuta imodziyo. Ikapsa ndi mphezi kapena ikabedwa, misonkhano yonse yapita nayo limodzi. Koma kalendala ya Google kapena ya Outlook.com imakhala pa seva, ndipo mungaione pa foni iliyonse mukalowa ndi dzina lanu. Ambiri a ife tili ndi ma adiresi awiri kapena atatu, ndiye msonkhano umalembedwa pa adiresi ina pamene foni ikuonetsa kalendala ya adiresi inanso.

Onaninso wotchi. Nthawi yathu ndi yofanana ndi ya abale athu a ku Mozambique kutsidya kwa malire, choncho kumeneko kulibe vuto. Koma London imatsalira ndi maola 2, ndipo kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala imatsalira ndi ola 1. Kompyuta yogulidwa kunja imene ikuyenderabe nthawi ya kwawo idzakuonetsani ola lolakwika popanda kukuchenjezani.

Ine ndikavomera kuitana kulikonse, ndimatsegula kalendala nthawi yomweyo kuti ndione ndi maso anga, kenaka ndimalembanso tsikulo m'kope langa. Sinditero chifukwa chokayikira makina, koma chifukwa mawu akuti "ndavomera" ndi lonjezo. Kumbali inayo kuli munthu amene wapatula nthawi yake ndipo wakonza mpando, akudikira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati simukuupeza msonkhano wanu, lemberani woitanayo lero lomwe, mufunse tsiku ndi ola. Kufunsa sikuchepetsa ulemu wa munthu, koma mpando wopanda mwini umamuchitira umboni woipa.