Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya

Pali ntchito zina zimene ife makolo timachita nazo tsinya tikangozimva. Imodzi mwa izo ndiyo yopanga masewera a pa kanema, aja achinyamata amawatcha magemu, amene amasewera pa kompyuta ndi pa foni mpaka nsima kupola. Mwana atati akufuna kudzadyera ntchito imeneyi, ambiri a ife tingamuuze kuti aleke zachibwana. Koma ine ndakhala ndikusinkhasinkha za moyo wa Satoru Iwata wa ku Japan, ndipo ndaona kuti m'ntchito yooneka ngati yamasewerayi muli phunziro lalikulu la utsogoleri.

Iwata anabadwa m'chaka cha 1959 ku Sapporo. Ali ku sekondale anayamba kupanga timasewera pa kamakina kowerengetsera masamu, anzake n'kumasangalala nato. Atatsiriza maphunziro ake ku Tokyo Institute of Technology mu 1982, analowa ntchito ku HAL Laboratory, kakampani ka anthu owerengeka chabe. Bambo ake, amene anali meya wa mzinda wa Muroran, sanakondwere nazo konse. Kodi ife tikanachita mosiyana?

Tiyenera kudziwa kuti gemu sipangidwa ndi munthu mmodzi. Pamafunika wolemba malangizo amene kompyuta imatsata, wojambula zithunzi, wopeka nyimbo, ndiponso woyesa amene amabwereza malo amodzi kambirimbiri kufunafuna zolakwika. Ntchitoyo imatha zaka, ndalama zikungotuluka, popanda wodziwa ngati anthu adzagula. Iwata anali wolemba malangizo, ndipo anali katswiri. Pamene anthu opanga gemu yotchedwa EarthBound anasowa pogwira atavutika nayo zaka zingapo, iye anawauza kuti kukonza zimene zinalipo kukanatenga zaka ziwiri, koma kuyambiranso kukanatenga theka la chaka. Anavomera kuyambiranso, ndipo gemuyo inatuluka mu 1994.

Utsogoleri unamupeza pa nthawi ya mavuto. Mu 1993 HAL Laboratory inali ndi ngongole ya mayeni 1.5 biliyoni, ndipo ndi pamene anamuika kukhala mkulu wa kampaniyo, ali ndi zaka 33. Ngongoleyo inatha m'zaka zisanu ndi chimodzi. Komatu chimene chimandikhudza ine koposa ndi mwambo umene anauyamba masiku amenewo. Kawiri pa chaka ankakhala pansi ndi wantchito aliyense payekha, ndipo ankayamba ndi kumufunsa ngati akukondwa ndi ntchito yake. Taganizani, abale anga, munthu amene angongole ali pakhomo pake, kupeza nthawi yofunsa funso lotere! Iye anazindikira kuti chuma cha kampani yotere chili m'mitu ya anthu, ndipo mutu wodzala ndi nkhawa subala nzeru.

Mu 2000 anapita ku Nintendo, kampani ya ku Kyoto imene inayamba mu 1889 ndi kupanga makadi osewerera. Mu 2002 anakhala mtsogoleri wake, woyamba wochokera kunja kwa banja la Yamauchi. Anafuna kuti masewera afike kwa anthu amene sanasewerepo, agogo ndi adzukulu pamodzi. Makina otchedwa Wii, amene anatuluka mu 2006, anagulidwa oposa 100 miliyoni.

Koma dzinja lililonse silikhala la zokolola. Makina a 3DS sanayambe bwino pa msika mu 2011, ndipo kampani inatsitsa mtengo wake patangopita miyezi yochepa. Iwata anadula malipiro ake ndi theka. Makina a Wii U, a mu 2012, anagwa kwambiri, pakuti onse ogulidwa sanafike 14 miliyoni. Mu 2014 anadulanso malipiro ake ndi theka, akuluakulu anzake nawonso n'kudula awo pang'ono. Chaka cha 2013, eni masheya atafunsa za kuchepetsa antchito, iye anayankha kuti kutero kungakometse mabuku a ndalama kwa kanthawi, koma anthu ogwira ntchito ali ndi mantha a kuchotsedwa sangapange chinthu chosangalatsa dziko lapansi.

Tisakokomeze nkhaniyi. Malipiro a munthu mmodzi sangatseke dzenje la kampani yaikulu chotero. Nintendo inali ndi ndalama zambiri zosunga, malamulo a ku Japan salola kuchotsa anthu mwachisawawa, ndipo ku nthambi ya ku Germany ena anachotsedwa ndithu mu 2014. Komabe pali kusiyana pakati pa mkulu amene njala ikafika amayamba wachepetsa mbale yake, ndi uja amene amayamba wawerenga ana oti awapirikitse. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. M'zaka za 2023 ndi 2024, pamene opanga masewera zikwizikwi anachotsedwa ntchito m'maiko ambiri, dzina la Iwata linatchulidwanso kawirikawiri.

Iye anamwalira pa 11 July 2015, ali ndi zaka 55, atadwala chotupa. Makina a Switch, amene anayamba kukonzedwa iye akadali moyo, anatuluka mu 2017 ndipo anagulidwa koposa Wii. Anawapanga ndi anthu aja amene anakana kuwataya.

Tsono mwana wanu akadzakuuzani kuti akufuna ntchito imeneyi, musafulumire kumuseka. Muuzeni zoona: kuti imafuna masamu, kupirira, ndi kumvana ndi anzake, ndiponso kuti ambiri amaitaya mosayembekezera. Ndipo ngati inu mwini muli ndi anthu m'manja mwanu, kaya ku ofesi, kusitolo kapena kumunda, dzifunseni kuti ndi liti pamene munakhala pansi ndi mmodzi wa iwo ndi kumufunsa ngati akukondwa.