Pulani n'ja bwana, chiwembu n'cha mlimi

Kwathu ku Mitundu kuli mawu awiri a Chingerezi amene adalowa m'nyumba osaodira, ndipo lero akudya nafe m'mbale imodzi ngati abale. Mawuwo ndi puloti ndi sikimu. Mukakwera minibasi mu Lilongwe n'kukhotera msewu wa ku Bunda, simuyenda mtunda wautali musanaone chikwangwani chonena kuti pano pali mapuloti ogulitsa. Ku Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1, n'chimodzimodzi. Munda umene dzana unkabereka mtedza lero auduladula ngati chigumu, ndipo aliyense wa m'tauni akufuna kabenthu kake. Puloti kwa ife ndi malo omangapo nyumba. Sikimu ndi kumene anthu amalima mothirira, monga masikimu a mpunga a ku Limphasa, Hara, Domasi ndi Muona, kapena ntchito ina ya chitukuko yobwera ndi alangizi. Palibe choopsa pamenepo.

Koma eni chinenerocho adatipatsa theka la nkhani. M'Chingerezi plot ndi kachigawo ka malo, inde, komanso ndi chiwembu. Ndi mawu omwewonso amene aphunzitsi athu a ku sekondale ankatchulira msana wa nthano kapena sewero, mmene zochitika zalukidwira. Scheme nayo ili ndi nkhope ziwiri. Boma likaiyambitsa, ndi chitukuko. Munthu wamba akamaichita amutcha schemer, kutanthauza kamberembere wogona akuwerenga zala kuti mawa apusitse yani. Ine ndimapeza ya sopo polemba ndi kumasulira nkhani za m'nyuzipepala, kuchotsa m'Chingerezi kuika m'Chichewa, ndipo chimene ndaona pantchitoyi n'chakuti mawu amenewa sagwa mwangozi. Amasankha munthu womugwera.

Tisanafike kumeneko, tiyeni tiwayamikire Angerezi pa luso lawo. Akafuna kunena za munthu wokonza zamseri amathamangira kukhola la nkhuku ndi kukhitchini, ngati mmene amachitira amayi anga. Chiwembu amati achichita hatch, ndiko kuti munthu wachifungatira ngati thadzi pa mazira, phee m'chisa masiku 21, kudikira tsiku loti chiswe. Bodza amati alichita cook up, kuliphika, ndipo kalaliki akasintha manambala a ndalama amati waphika mabuku. Mawu akuti conspire adawabwereka ku Chilatini, kumene ankatanthauza kupumira pamodzi: anthu oyandikizana mitu mpaka mpweya wa wina kulowa m'mphuno mwa mnzake. Aliyense amene adaonapo madoda atatu akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe pa maliro a mfumu, mpando usanapeze mwini, avomereza kuti chithunzichi n'choona.

Chodabwitsa china n'chakuti ambiri mwa mawu otere adayamba ali oyera. Cunning kale inkatanthauza kudziwa zinthu. Crafty idachokera ku craft, luso la manja, la mmisiri wosema mpini kapena woumba mbiya. M'kupita kwa zaka mawuwo adasasa ngati thobwa logonetsa, mpaka lero ukamutcha munthu crafty ndiye kuti wamutukwana. Zikuoneka kuti Mngerezi adafika poopa munthu wanzeru amene sali kumbali yake.

Ifenso tisadzione oyera. Chichewa chili ndi nkhokwe yakeyake ya mawu otere. Mayi akauza mwana kuti “chenjera!” akumuteteza ku njoka. Mayi yemweyo akati “mnyamata uja ngochenjera”, mvetserani bwino kamvekedwe ka mawu, chifukwa mwina akumutama, mwina akukuuzani kuti mubise chikwama. Upo ndi anthu okhala pansi kukambirana, koma akakupangira upo usagone tulo. Tili ndi machenjera, ukathyali, ukamberembere, kutchera msampha, kudyera masuku pamutu. Ndipo mawu amene tidasankha kuti atchule ntchito yoyendetsa dziko ndi ndale, chimene anyamata amachita polimbana, kupinga mwendo wa mnzako kuti agwe chagada. Makolo amene adasankha mawu amenewa adaona patali.

Kusiyana kuli apa. M'nthano zimene agogo ankatisimbira, Kalulu ndi kanyama kopanda nyanga, kopanda mano oopsa. Chida chake ndi mutu basi. Akapusitsa Njovu kapena Mkango tinkaomba m'manja, pakuti wamng'ono wapulumuka. Koma Kalulu yemweyo akakana kukumba nawo chitsime n'kumabwera mozemba kudzamwa madzi a anzake, tinkasangalala Fulu akamugwira. Chichewa chimayeza machenjera pofunsa kuti apweteka yani. Paja amati chenjerechenjere sakupha nsomba, akupha nsomba n'kombe. Chingerezi chimene chidafika kuno, cha ku boma, cha kukhoti, cha m'mafailo a bwanamkubwa, chinkayamba chafunsa kuti wachita ndani. Akakhala wa pampando, zimene wakonza ndi plan, policy, programme, operation. Akakhala wa pansi, ndi plot.

Malume anga ndi amene adanditsegula maso pa zimenezi, ngakhale sukulu adalekezera Sitandade 5. M'nthawi ya chipani chimodzi, lamulo lotchedwa Special Crops Act, la mu 1963, ndilo linkagawa mbewu zandalama. Fodya wa bale ndi wa kampopi adali wa eni maesiteti. Mlimi wa m'mudzi ankalima wa chikopa n'kukagulitsa ku ADMARC pamtengo umene boma laika. Zidakhala choncho mpaka mu 1990 pamene alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima bale. Tsono chisanafike chaka chimenecho, ena ankabzala bale kuseri kwa chimanga, n'kumunyamula usiku pangolo kukagulitsa kwa mwini esiteti amene adali ndi chilolezo. Malume adali m'gulu limenelo, ndipo sabisa.

“Mphwanga, iwe wa sukulu, tandiuza,” adatero tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde. “Ankati ndife akuba. Tidaba chiyani? Munda wathu, thukuta lathu, fodya wathu.”

“Lamulo ndiye linkatero, malume.”

“Eya, nanga lamulolo adalifungatira ndani? Si anthu omwewo adali ndi maesiteti? Iwo akakhala pansi ku Zomba kuti bale akhale wawo okha, ati imeneyo ndi polisi ya boma. Ife tikakhala pansi kuseri kwa chigafa kuti ana adye, ati chiwembu. Ine mpaka lero sindisiyanitsa polisi ya papepala ndi polisi ya chibonga.”

Ndidaseka, chifukwa m'khutu la Mchewa policy ndi police ndi mawu amodzi. Koma malume sadaseke.

Mpaka pano msika wa mbewu umalankhula chinenero chomwecho. Mlimi akabisa fodya woipa pakati pa belo kuti apite naye ku okushoni ku Kanengo, Chingerezi chili ndi dzina lokonzeratu, nesting, kumanga chisa. Nkhuku ija yabweranso. Sindikuikira kumbuyo wochita zimenezo, pakuti amaipitsa mbiri ya alimi onse, olungama omwe. Koma venda akafika m'mudzi mwezi wa Epulo ndi sikelo yonama, n'kumagula soya ndi mtedza pamtengo wolira nawo chifukwa akudziwa kuti m'nyumba mulibe ndi mchere womwe, Chingerezi chimamuveka tayi n'kumutcha middleman, pena entrepreneur. Onse awiri aphika. Wina yekha ndiye amatchedwa wophika.

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za mawu chabe, zocheza nazo alakatuli. Mawu amodzi omwewa adaphetsapo anthu m'dziko muno. Pa 25 Januwale 1959 atsogoleri a Nyasaland African Congress adachita msonkhano kutchire pafupi ndi Blantyre, Dr Banda palibe. Akazitape adakanena ku boma kuti kumeneko kwapanganidwa zopha Azungu, Amwenye ndi Afirika ogwira ntchito m'boma. Nkhaniyo idatchedwa murder plot, ndipo idafika mpaka m'nyumba ya malamulo ku London. Angerezi ndi anthu oleredwa ndi mawu amenewa. Chaka chilichonse pa 5 Novembala amayatsa moto kukumbukira Gunpowder Plot ya mu 1605, pamene Guy Fawkes ndi anzake adafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mfumu James ili momwemo. Ukawatchulira plot, tsitsi limawaima.

Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pangozi. M'bandakucha wa tsikulo apolisi ndi asilikali adagogoda m'makomo, ndipo Dr Banda adatengedwa kupita kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa popanda mlandu kuzengedwa, ndipo oposa 50 adaphedwa, gulu lalikulu padoko la Nkhata Bay. Taonani tsono. Kugwira anthu kumeneku kudakonzedwa mobisa, mayina atalembedwa kale, asilikali ataitanidwa kuchokera ku Rhodesia, ola litapanganidwa. Mwa miyeso yonse ya Chichewa, umenewu ndi upo. Koma dzina lake lidali Operation Sunrise, kutuluka kwa dzuwa. Mu Julayi chaka chomwecho komiti ya woweruza Patrick Devlin, yotumidwa ndi boma la Britain lomwelo, idapeza kuti pamsonkhano uja padalankhulidwa za ziwawa ndithu, koma dongosolo lopha anthu mwaunyinji limene linkanenedwalo padalibe. Akufa adali atakwiriridwa kale. N'chifukwa chake 3 Malichi ndi tsiku lokumbukira ofera dziko.

Tidalandira ufulu mu 1964, ndipo pamodzi ndi mbendera tidalandiranso dikishonale. Amene dzulo ankatchedwa okonza chiwembu adaphunzira msanga kutchula anzawo dzina lomwelo. Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, ndi Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, adali anthu oopedwa pa nkhani yotsekera ena. Mu 1977 mawu aja adawatembenukira, khoti la mafumu lidawapeza olakwa pa mlandu woukira boma, ndipo Muwalo adanyongedwa. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adagwidwa mu Disembala 1981, adaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, ndipo Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Koma pamene Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adapezeka atafa ku Mwanza mu Meyi 1983, dziko lidauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti adachita kuphedwa ndi apolisi. Akuluakulu amene adazengedwa mlanduwo, Dr Banda ndi John Tembo ali m'gulumo, khoti lidawamasula mu Disembala 1995. Chimene chidatsala poyera n'chakuti kwa zaka 11 imfa zokonzedwa zidavala dzina la ngozi.

Matipate atabwera, Chingerezi cha akuluakulu chidangosintha malaya. Mu 2013 mabiliyoni a kwacha atatuluka ku Capital Hill kupita kumakampani osagwira ntchito iliyonse, tidabwereka mchira wa Watergate ya ku America n'kutcha zonsezo Cashgate, dzina lomveka ngati la sitolo. Zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 zitapakidwa tipeksi, mawu amene adayenda kwambiri adali irregularities, ndipo khoti lidafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Mawu ngati misprocurement, mismanagement ndi unaccounted for ali ndi ulemu wa mtundu wake: amanena kuti chinthu chalakwika popanda kutchula dzanja. Mnyamata wogwidwa ndi mbuzi yakuba pamsika wa Mitundu salandira ulemu wotero. Iye ndi mbava kuyambira pomwe wagwidwapo, khoti lisanakhale.

Tsono inu anzanga a m'tauni amene mumagula nyuzipepala ino, n'kugulanso puloti kwathu kuno, dziwani kuti nthawi zina matanthauzo awiri aja amakumana pamunda umodzi. Malo a mbumba yonse amagulitsidwa ndi munthu mmodzi, alongo ake ali kudimba, mboni ziwiri zitapumira pamodzi kugolosale. Pepala limene mumalandira limakhala la Chingerezi chosalala, sale agreement, ndipo mulibe mawu oipa ngakhale amodzi. Mayi amene amadzuka m'mawa n'kupeza zikhomo m'munda mwake alibe Chingerezi chotchulira zimene zamuchitikira. Ali ndi Chichewa chokha, ndipo amati andipangira chiwembu. Iye ndiye wamasulira molondola.

Ine ndimachikonda Chingerezi. Chimandidyetsa, ndipo ndi chinenero chomwecho chimene Devlin adalembera zoona pamene boma lake linkafuna zina. Koma nkhani ikafika patebulo langa kuti ndiimasulire, ndimatsata malume. Ndikaona plot ndimafunsa kuti amene watchula mawuwo akuopa kutaya chiyani. Ndikaona plan, scheme kapena operation ndimafunsa kuti adakhala pansi ndi angati, chitseko chidali chotseka kapena chotsegula, ndipo mawa lake adalira ndani. Mayankho akabwera, Chichewa sichisowa mawu oyenera. Vuto limakhala la mkonzi, amene nthawi zina amandiimbira foni n'kunena kuti, “Achimwene, mawu awa ngolemera, tapezani ena ofewerapo.” Ndimawayankha kuti ofewa alipo, koma adatha kale kugawidwa kwa mabwana.